Makompyuta Athu Akale Akanizidwa Kulowa

Maloto a dzana akundisowetsabe mtendere. Ndinalota makompyuta akale a pasukulu pathu, amene ndimawasamalira, ali pamzere pakhomo la intaneti ngati odwala kuchipatala. Mlonda ankaitana manambala atsopano, ataliatali, osakanikirana ndi zilembo. Athuwo anali ndi manambala akale, afupiafupi.

"Amenewa sitikuwadziwanso, mayi," anatero.

"Nanga bambo, ana alembetsa bwanji mayeso?"

Iye anangopitiriza kuitana manambala. Ndinayesa kulumikiza nthambo, koma zinkasanduka mizu yonyowa m'manja mwanga. Kompyuta ina inatentha mpaka kununkha pulasitiki yopserera, ikundiitana dzina. Chitseko chinkatsekeka pang'onopang'ono, ine ndikuchitchinga ndi phazi.

Ndinadzuka phazilo likuwawa. Kaya linali chenjezo, kaya mantha anga chabe? Kutacha ndinathamangira kusukulu osamwa tiyi. Makompyuta asanu analumikizika, koma imodzi ikukanabe mpaka lero.