Mubwere Mawa, Amalume

Galu wa a Preben anathawa Lachisanu pa 15 Novembala 2024, cha m'ma 7 koloko madzulo, pamalo osungira agalu amene ali kuseri kwa njanji ku Cha-am. Eni ake anauzidwa Lachisanu lotsatira, pa 22. Masiku anayi omaliza a sabata imeneyo ine ndinalipo.

A Preben ndi mzungu wa ku Denmark, wa zaka 74. Takhala moyandikana nyumba zaka khumi ndi chimodzi. Akazi awo, a Ratree, ndinkaphunzitsa nawo sukulu imodzi. Anamwalira mu Epulo 2022, n'kusiya mwamuna wodziwa mawu a Chithai osapitirira makumi atatu, ndi galu wofiirira dzina lake Makham, kutanthauza bwemba. Makham ali ndi zaka zisanu ndi zinayi ndipo amatsimphina mwendo wakumbuyo wakumanzere. Chimwalirireni a Ratree, pakakhala zolankhula ndi a magetsi kapena okonza mipope, a Preben amagogoda pageti panga kuti ndikawamasulire.

Pa 11 Novembala anapita ku Bangkok kukachitidwa opaleshoni ya m'chiuno. Ine ndili ndi mphumu, galu sindingagone naye m'nyumba. Choncho Makham tinakamusiya kwa Mayi Wanpen, amene ali ndi makola makumi awiri aukhondo ndithu. Anatilandira ndi Jiab, mayi wa zaka pafupifupi makumi anayi, wantchito wakalekale pamalopo. Analemba nthawi ya chakudya ndi ya mankhwala, kenako anagwada n'kumamukanda Makham kuseri kwa khutu mpaka galuyo anagona chagada.

A Preben anatuluka m'chipatala Lachiwiri pa 19. Nthawi ya 3 koloko masana ndinawatenga pagalimoto yanga. Ankayenda ndi chitsulo cha miyendo inayi, ndipo kuchoka pagalimoto kukafika pakauntala zinawatengera mphindi zisanu.

Jiab anathamanga ndi mpando. Anabweretsa madzi ozizira, anatembenuza chopemerera mphepo kuti chiloze kwa iwo.

"Amalume, mwachira! Aphunzitsi, auzeni kuti akuoneka ngati mnyamata. Anamwino a ku Bangkok sanawakanize kubwerera?"

Ndinamasulira. A Preben anaseka, n'kufunsa kuti Makham ali kuti.

"Makham apita naye kwa dokotala, akamuone nkhupakupa. Si zoopsa ayi. Mubwere mawa, Amalume. Lero kapumeni."

Anabweretsanso madzi ena, oyamba aja asanathe. Ankaseka pamene panalibe choseketsa, ndipo maso ake anali pachitsulo choyendera chija, osati pankhope ya mwini wake. Ine ndinabadwira kuno. Munthu akachita chonchi ndiye kuti pali nkhani imene sakufuna kuti itulukire pakamwa pake.

Tili m'galimoto a Preben anati, "Mwaona, Aphunzitsi? Kwathu palibe amene angatengere galu wanga kwa dokotala osapemphedwa. Anthu abwino kwambiri."

Ndinati inde. Munthuyo anali ndi bala la masiku asanu ndi atatu, ndipo ine sindinkadziwa kuti chalakwika n'chiyani kwenikweni. Ndinaganiza kuti mwina galu wadwala, ndipo eni malo akufuna achire kaye. Nkhani ya eni, ndinati aitulutse okha.

Lachitatu pa 20, Jiab anati Makham wabayidwa jakisoni, dokotala wati agone komweko. Anawapatsa a Preben mtsamiro wotsamira kumsana. Lachinayi pa 21 anati dalaivala wokatenga galu wapita kumaliro ku Ratchaburi. A Preben anapempha dzina la dokotalayo kuti tipite tokha. Jiab anati amadziwa dzinalo ndi dalaivala yemweyo. Anatiperekeza mpaka pagalimoto, atatigwirira ambulera.

Lachisanu pa 22 tinapeza Mayi Wanpen eni ake akutidikira, atavala bulauzi ya silika. Pakauntala panali dengu la zipatso lomangidwa ndi riboni, ndipo pambali pake panali katoni. M'katonimo munali kagalu kofiirira, ka miyezi iwiri. Anthu ena atatu anali pabenchi kudikira agalu awo.

Mayi Wanpen anaphatikiza manja pachifuwa n'kuwerama kwambiri, monga tichitira kwa akulu.

"Aphunzitsi, muwauze pang'onopang'ono. Tsiku la chikondwerero choyandamitsa nyali pamadzi, anthu anaphulitsa makombola. Makham anachita mantha, anatuluka. Sitinafune kuwasautsa mtima ali m'chipatala. Tinkati timupeza asanadziwe. Kagalu aka n'ka mtundu wabwino, katemera kanabayitsa kale."

Ndinamasulira zonse, kupatula za kagaluko. Zimenezo anadzionera okha.

A Preben anawerenga masiku ndi zala. Atafika pa chachisanu ndi chiwiri anamenya kauntala ndi chikhatho, malalanje awiri n'kugwera pansi.

"Masiku seveni! Madzi, mpando, mtsamiro, galu wanga ali mumsewu! Ndinu abodza! Inuyo, mayi, ndinu wabodza!"

Analoza Mayi Wanpen ndi chala, pafupi ndi mphuno. Ine ndinati, "Akuti akhumudwa kwambiri." Panalibe amene ankafunika kumasuliridwa. Anthu a pabenchi aja anayang'ana pansi. Mayi Wanpen sanasiye kumwetulira. Anaphatikizanso manja, koma ulendo uno sanawerame. Analowa mu ofesi n'kutseka chitseko bwinobwino, osachimenyetsa.

Kuyambira pamenepo sitinawaonenso. Tikaimba foni amati atuluka. Mauthenga amawerenga koma sayankha. Tinafunsa za kamera ya pageti pawo, tinauzidwa kuti inawonongeka. Munthu amene wakalipiridwa pamaso pa antchito ake ndi makasitomala ake sakhalanso ndi chokupatsa. A Ratree akanakhalapo akanawagwira mkono amuna awo asanakweze mawu. Ine ndinachedwa. Mafunso ofunika, akuti galuyo analowera kuti ndipo ndani anamuona, sanafunsidwe tsikulo. Bala la a Preben linayamba kupweteka, ndipo ndinabwerera nawo kunyumba.

Loweruka pa 23, nthawi ya 10 koloko m'mawa, tinapita kusitolo ya matayala imene ili kutsidya kwa msewu, moyang'anizana ndi geti lija. Mwini wake, a Thawin, ali ndi kamera yoloza kumsewu. Anasiya galimoto ili pajeke, anapukuta manja, n'kukhala nafe mphindi makumi anayi akufufuza.

"Makina angawa amasunga masiku asanu ndi awiri, Aphunzitsi, zakale amafufuta okha. Onani, zoyambirira ndi za pa 16, teni koloko m'mawa." Anakanda m'mutu. "Dzulo masana munali apa, si choncho? Ndinamva phokoso. Mukanangowoloka msewu."

Mawu omalizawo sindinawamasulire.

Titachoka apo tinapita kwa a Prayong, amene amachita fotokope pafupi ndi msika. A Preben anali atalemba pepala lawo m'Chingelezi, pamwamba dzina la malo a Mayi Wanpen m'zilembo zikuluzikulu, pansi pake mawu akuti abodza. A Prayong analiwerenga kawiri, anavula magalasi.

"Aphunzitsi, afunseni amalumewa: akufuna galu, kapena akufuna mlandu? Kuno ukamata dzina la munthu pamtengo wamagetsi, wogona kupolisi ndiwe, ngakhale ukunena zoona. Komanso amene amadziwa agalu a mumsewu ndi osesa ndi ogulitsa nkhuku zootcha. Awerenga Chingelezi amenewo?"

Ndinamasulira liwu ndi liwu. A Preben anati akufuna galu.

A Prayong anatenga foni ya a Preben n'kudutsa zithunzi zoposa zana mpaka anapeza chimene Makham waimirira, mwendo uja utalendewera pang'ono. Analemba m'Chithai mizere itatu yokha: galu wokalamba, amatsimphina kumanzere, mwini wake ndi wodwala. Nambala anaika yanga, chifukwa munthu akaona dzina la mzungu amaopa kuimba, kuti ayankhidwa m'Chingelezi. Mapepalawo anawakuta ndi pulasitiki. Atamaliza anatseka sitolo n'kutiperekeza yekha pakona pamene pamakhala akabaza a njinga zamoto, aja ovala timajekete taolenji kunja kwa malaya.

Mkulu wawo, Boonsong, anayang'ana chithunzicho atachitalikitsa.

"Galu wofiirira? Aphunzitsi, mu Cha-am muno galu wosafiirira ndinamuona kamodzi, ndipo anali mbuzi."

"Werenga pansipo, mbuli iwe," anatero a Prayong. "Amatsimphina."

Boonsong anayang'ana chitsulo cha a Preben. "Ndiye kufanana ndi mbuyake. Amalume, mukanathawa limodzi bwenzi titakugwirani nonse musanafike pamsika."

"Khala chete," anatero mnzake wina ali chigonere panjinga. "Pa otsimphina onse m'tauni muno, woyamba ndi njinga yakoyo."

Ndinamasulira. A Preben anaseka, misozi ikutsika, ndipo Boonsong anachita manyazi n'kutenga mapepala onse makumi asanu. Anawagawira anzake, aliyense msewu wake.

Lamlungu pa 24, nthawi ya 8 koloko m'mawa, ndinapeza Jiab pageti panga. Ananyamula mbale ya Makham ndi mankhwala ake m'jumbo. Njinga yake yamoto anaisiya kutali, kuti a Preben asaimve.

Anandiuza kuti geti analitsegula ndi iye, kulowetsa kasitomala. Kombola linaphulika, Makham anadutsa pakati pa miyendo yake n'kukhotera kunjanji, chakumpoto. Jiab anawauza Mayi Wanpen m'mawa wa pa 16, ndipo iwo anati kuchipatala kusaimbidwe foni. Kuyambira tsikulo Jiab ankadzuka hafu pasiti faifi, n'kumazungulira m'makachisi ndi nkhuku yootcha m'thumba mpaka nthawi yolowa ntchito.

"Nanga bwanji sunandikokere pambali Lachiwiri lija, mng'ono wanga?"

"Aphunzitsi, munandiyang'ana. Ndinkati mwamva."

Ndinalandira jumbo ija. Ndinamuuza kuti alowe akawaone amalume. Anakana. Anati nkhope yoonana nawo alibe, ndipo anapempha kuti abwana ake asamve kuti anabwera. A Preben ndinawauza za njanji ndi za kumpoto. Zoti Lachiwiri lija ndinazindikira kuti pali vuto sindinawauze mpaka lero.

Kuyambira pa 25 Novembala mpaka pa 5 Disembala foni yanga inalira kakhumi ndi katatu. Tinapita malo asanu ndi anayi. Agalu onse anali ofiirira, awiri ankatsimphinadi, mmodzi anali wamkazi. A Preben ankatsika paliponse, ngakhale ndiwauze kuti ndaona kale kuti si iye. Dokotala anawauza kuti asamayende pamiyala ya njanji. Ankaima m'mphepete n'kumaitana, liwu likusasa.

Lachisanu pa 6 Disembala Boonsong ananditumizira chithunzi. Anachijambula mnzake wina pa 3, koma anaiwala kuchitumiza. Chinali cha pakachisi wina wamng'ono, makilomita asanu ndi limodzi kumpoto, m'mbali mwa njanji. Galuyo anamujambula chakumbuyo, nkhope siyikuoneka. Mwendo wakumanzere unali m'mwamba.

Tinafika nthawi ya 11 koloko. Mmonke wina wokalamba ankasesa masamba. Ndinagwada n'kuwaonetsa pepala la a Prayong.

"Wotsimphina analipo," anatero. "Anabwera masabata awiri apitawo. Mpunga wothira pansi sankadya, ankadikira mbale. Ndinati uyu ndi wa m'nyumba ya munthu."

"Ali kuti, abambo?"

"Dzulo kunabwera galimoto yoyera ya makola, ya anthu ongodzipereka aja amene amafula agalu a mumsewu kuti asaswane. Anatenga khumi ndi anayi. Ameneyonso anamutenga."

Ndinafunsa dzina la bungwelo. Sankalidziwa. Nambala sanasiye. Anati amabweza agalu pakatha sabata, koma si nthawi zonse pamene amawabweza pamalo omwe anawatenga. A Preben anavutika kugwira chitsulo ndi zigongono kuti aphatikize manja. Anathokoza m'Chithai.

M'masiku otsatira ndinaimbira mabungwe anayi amene amagwira ntchito yotere m'chigawo chino. Atatu anati si awo. Limodzi foni yake siyiyankhidwa.

Lachinayi pa 12 Disembala tinafika pakachisipo 7 koloko m'mawa. Ndinayala mphasa pansi pa mtengo, a Preben anakhala pampando umene amonke anatibwereka. Galimoto yoyera inafika nthawi ya 2 koloko masana. Dalaivala anatsegula makola limodzilimodzi, a Preben ataima pambali pake. Anatuluka agalu asanu ndi anayi. Makham panalibe.

Ndinamuonetsa dalaivalayo pepala lija. Analiyang'ana nthawi yaitali, anati iye ndi waganyu, agalu amawapeza ali kale m'makola. Asanu otsalawo anakwezedwa galimoto ina, Lachiwiri. Anandipatsa nambala ya amene anamutuma. Ndaiimba kasanu ndi kamodzi kuyambira dzulo. Imangolira.