Kaloboti Kasochera mu Kalendala ya Apongozi

Kwa zaka zambiri holo ya maukwati ya amayi ena inali ndi tsamba limodzi lokha pa intaneti. Patsambapo panali chithunzi cha khomo, nambala ya foni, ndi mawu akuti magetsi akazima jenereta ilipo. Silinkasintha ngakhale kadontho. Koma munthu akalemba kuti "holo ya ukwati" m'makina ofufuzira, tsambalo linkatulukira pamwamba penipeni, foni n'kumalira.

Amene adalichotsa ndi mkamwini wawo. Ntchito yake inali yopanga mawebusayiti, ndipo tsamba limenelo linkamuchititsa manyazi ngati malaya ong'ambika kukhwapa. M'mwezi wa Malichi adamanga webusayiti yatsopano yokhala ndi databesi, nkhokwe yosungamo masiku onse amene anthu alipirira holo. Masamba ake sanali olembedweratu, ankapangika pomwepo munthu akadina. Munali kalendala. Ukadina tsiku, inkakuuza ngati holo ili ndi anthu kapena ayi. Ukadina "mwezi wotsatira", inkakupatsa mwezi wotsatira.

Panalinso pangano. Apongozi anali atatopa ndi makiyi a holo, ndiye adanena pamaso pa banja lonse kuti webusayitiyo ikabweretsa kasitomala ngakhale mmodzi Epulo asanathe, makiyi apita kwa mkamwini, akhale manejala. Ikapanda kutero, manejala akhala mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, ndipo mkamwini azinyamula mipando akulamulidwa ndi iyeyo.

Pofika pa 28 Epulo foni inali idakali zii.

M'mawa wa tsikulo onse atatu anali mu kaofesi ka kuseri kwa holo, momwe mipando ya pulasitiki idasanjikizana mpaka kudenga. Apongozi ankapinda nsalu za patebulo. Mkamwini anali atayang'anitsitsa laputopu ngati munthu wodikirira mkaka kuti uwire. Mlamu adakhala pa sipika yakufa, akuseweretsa foni, kenaka adaphulika nako kuseka.

"Alamu, ndakupezani! Mwatchuka ndithu. Tamverani izi: 'Holo ilipo, palibe amene watenga, 9 Novembala 2719.'"

"Mukuti chaka chanji?"

"2719. Pansi pake pali 2718. Amayi, konzekani, chaka chimenecho kudzakhala ntchito."

Mkamwini adalanda foniyo. Adatsitsa, natsitsanso, chala mpaka kutentha. Masamba a holo analipo ambirimbiri, onse ofanana ngati mazira, onse onena kuti holo ilipo. Tsamba loyamba, la zithunzi zokongola ndi nambala ya foni, silinkaoneka paliponse. Adadziwa pomwepo chimene adalakwitsa. Kalendala sadaiikire malire.

"Akamwini," adatero apongozi osasiya kupinda, "ndifotokozereni bwinobwino. Musandiuze za chizungu."

"Amayi, makina ofufuzira ali ndi kaloboti. Si kachitsulo ayi, ndi kapulogalamu. Kamayenda m'mawebusayiti, kakaona podina kamadina, n'kusunga zimene kaona. Tsamba lakale lija kankaliwerenga kamodzi n'kupita kwawo."

"Kanali kaulemu."

"Tsopano kafika pa kalendala yathu, kadina 'mwezi wotsatira'. Databesi yakapangira mwezi wotsatira. Kadinanso, yakapangiranso."

"Ndiye katopa liti?"

"Sikatopa, amayi."

"Nanga databesiyo?"

"Nayonso sitopa."

Mlamu adagwa pa sipika ndi phwete. "Zitsiru ziwiri zakumana, china chikufunsa, china chikuyankha, mpaka dziko lidzathe! Alamu, mwamanga chinthu!"

Mkamwini adapitiriza, mawu akucheperachepera. Makina ofufuzira akaona masamba zikwizikwi onena chinthu chimodzi, amaiona webusayiti ngati munthu wolongolola wopanda nkhani, ndipo tsamba lofunika limakwiririka. Mankhwala ake anali osavuta: kudula kalendala kuti izithera chaka chamawa, kuuza kaloboti kuti masamba a masiku kasamawasunge, ndi kulemba tsamba loyamba lokhazikika, losasinthasintha.

"Ngati lakale lija," adatero apongozi.

"Lofananako, amayi."

"Ndiye konzani."

"Kukonza ndikonza lero. Koma kuti makina aone kuti tasintha, pamatenga milungu."

Apongozi adayang'ana kalendala ya pakhoma, ya pepala, imene inkathera pa Disembala mwaulemu. Mlamu adanyamuka, adatenga mpando umodzi pamulu, n'kuuika m'manja mwa mkamwini.

"Yambani kuzolowera, alamu. Timanyamula isanuisanu, msana uli chilili."

Mkamwini ali chigwirire mpandowo, pakhomo padamveka odi. Adalowa bambo wa jekete yabuluu, wa zaka za m'ma 30, atagwira foni ndi manja awiri. Adapereka moni kwa aliyense, ngakhale kwa mkamwini amene adamuyesa wonyamula mipando.

"Ndaona holo yanu pa intaneti, amayi. Ndikufuna kusungitsa tsiku la ukwati."

Mpando udagwa pansi. "Pa intaneti?" adatero mkamwini. "Bwanawe, tabwerezani, amayi amve. Mwationa pa intaneti?"

"Eya. Ndidalemba kuti 'holo ya ukwati 2064'. Padatuluka inu nokha. Ena onse sanakonzeke."

Bamboyo adaonetsa foni. Tsamba linalipo, loyera bwino: 14 Juni 2064, Loweruka, holo ilipo.

"Bambo," adatero apongozi pang'onopang'ono, "ukwatiwo ndi wa mdzukulu wanu?"

"Ndi wanga, amayi."

"Mudzakhala ndi zaka zoposa 70."

"Ndimachita majowajowa m'mawa uliwonse."

Adafotokoza osachita manyazi. Anali pa chibwenzi kwa nthawi yaitali, ndipo achibale a mtsikanayo anali atamutopetsa. Akakumana nawo pamsewu, funso linali limodzi: holo mwapeza? Iye sankakonda kunama. Ankafuna kuti akafunsidwanso ayankhe ndi mtima woyera kuti holo yapezeka, tsiku lasungidwa, Loweruka.

"Mtsikanayo chaka akuchidziwa?"

"Amandifunsa za holo, amayi. Za chaka sanafunsepo."

Mlamu adalumpha. "Amayi, uyu si kasitomala! Uyu ndi wothawa! Sizikuwerengedwa izi!"

Mkamwini adayang'ana apongozi ake, amene ankamuyang'ana bamboyo kuyambira kunsapato mpaka kumutu, monga amayang'anira nsalu yobwera ndi banga.

"Mulipira chikole lero?"

"Lero lomwe, amayi."

"Akamwini, mulembeni mu chinthu chanucho."

Mkamwini adakhala pansi, adadina, ndipo tsiku la 14 Juni 2064 lidasanduka lofiira. Inali nthawi yoyamba kuti databesi igwire ntchito imene adaimangira.

"Mundisiyirenso nambala ya mkwatibwi," adatero apongozi. "Mitundu ya nsalu timafunsa mkazi. Ndi lamulo la holo ino."

Mkamwini anali asanamvepo za lamulo limenelo. Bamboyo adatchula nambala mosangalala, adagwira aliyense chanza, n'kutuluka akuimba kamluzu.

Apongozi adatsegula chikwama, adatulutsa makiyi, n'kuwaponya pa laputopu.

"Amayi!" adalira mlamu. "Munthu wa mu 2064!"

"Ndidati kasitomala mmodzi Epulo asanathe. Chaka cha ukwati sindidatchule. Iwe tola mpando uwo, ukutsekereza njira."

Mkamwini adawagwira makiyiwo. Anali olemera kuposa mmene ankaganizira. Adakonza kukhosi, nayesa mawu a umanejala.

"Ndiye ndiyambe kudula kalendala ija, amayi."

"Tsamba loyamba konzani, anthu abwinobwino azitipeza. Koma kalendala muidulire pa 2070. Amuna otere alipo ambiri, ndipo onse ali ndi mafoni."

Adavala magalasi, adaimba nambala ija, n'kuika foni kukhutu. Ikuitana, adaloza laputopu ndi chibwano.

"Taonani ngati Ogasiti wa chaka chino ali ndi Loweruka lopanda anthu."

Mkamwini adadina. "Onse alibe anthu, amayi."

"Limenelo ndi vuto lanu tsopano, amanejala. Halo? Mwana wanga, uli bwanji? Khala pansi kaye, ndikuuze tsiku limene bwenzi lako lasankha."