Chala cha Amayi Magolovesi

Ku labotale kuja dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale, onse ankangoti Amayi Magolovesi. Zaka makumi awiri nyimbo yawo inali imodzi: kachitsulo sakagwira ndi dzanja lamaliseche. Ngakhale amuna awo, a Sipanala, okonza makina momwemo, ankalawa nawo mkalipo. Iwo ankaseka kuti kunyumba kokha ndi kumene ankaloledwa kugwira akazi awo opanda golovesi, komabe atasamba m'manja kawiri.

Ntchito ya mayiwo inali kukuta tizitsulo ndi kakhungu ka taitaniyamu wosakaniza ndi nayitrojeni, konyezimira ngati golide, kenako n'kuyeza mmene maelekitironi akhalira pamwamba penipeni pa kakhunguko. Makina oyezerawo ali ngati apongozi, amaweruza za pamwamba basi. Ukakhudza ndi chala, amayeza thukuta lako.

Patatha miyezi itatu chiikireni maliro a mayiwo, mwana wawo wamkazi, amene anatenga ntchitoyo, anabweretsa kabokosi. Munali kachitsulo komaliza kamene mayi ake anakuta ndi manja awo. Anati kakayezedwa aka, kafukufuku wa malemuwo atha, asindikizidwa ndi dzina lawo. Kena kofanana nako kunalibe.

A Sipanala anakanyamula ndi kapani, n'kukapendeketsa pawindo. Pakona panali chidindo cha chala chachikulu, chodukizidwa pakati ndi kamzere. Kamzereko ankakadziwa: chipsera cha mpeni wa anyezi, chaka chimene anakwatirana.

"Taona mbava iyi," anatero. "Zaka zonsezi kutizunza ife, kumbali ikugwira yokha."

Mwanayo anaseka, kuseka kwake n'kuthera m'mphuno. Anawakumbutsa kuti masabata omaliza aja zala za amayi zinkatupa, golovesi osalowa. Kenako ananena chimene onse awiri ankachidziwa kale, kuti makinawo asanayeze amayamba apala pamwamba ndi mpweya wa agoni mpaka payere. Chalacho chipita.

Bambowo anayamba kupeka zifukwa. Pampu ya makinawo ikutsokomola. Waya wina akuoneka wotopa. Mawa bwanji? Mwanayo anangowayang'ana, poti pampuyo anaikonza okha dzulo lake, akuimba mluzu. Anajambula chidindocho pafoni, koma pachithunzipo chinangooneka ngati dontho la mafuta.

"Adadi, mukakana ndikabweza m'kabokosi. Sindikukakamizani."

"Ndiye amayi ako adzandifunse kuti ntchito yawo ndinaisiyira m'dirowa chifukwa cha litsiro? Iwe sukuwadziwa."

Anavula golovesi lakumanja pang'onopang'ono, n'kudinda chala chawo pambali pa chinzakecho, mpaka ziwirizo zinagundana. Anaima kaye, mapewa ali m'mwamba, ngati munthu wodikira kukalipiridwa kuchokera kumbuyo. M'chipindamo munkangomveka pampu.

Analowetsa kachitsuloko m'makinamo, namanga mabawuti onse asanu ndi limodzi, natsegula agoni. Mwanayo anakhala pakompyuta. Iwo anatsamira pakagalasi koonera mkati, osaphethira, mpaka pakona paja panawala ngati sipanagwidwepo.