Tsiku Limene Anayeza Bambo Lyson

Bambo Lyson anali ndi zaka 69 pamene impso zawo zinasiya kugwira ntchito. Katatu pa sabata ankakasefetsa magazi pa makina ku South Bend, kumene ankakhala ndi akazi awo, Mayi Vainess. Mu 2006 chipatala china cha ku Indianapolis chinawaitana kuti chikaone ngati thupi lawo lingapirire opareshoni yowaika impso ina.

Anakonzekera miyezi iwiri yathunthu. Mchere anausiyiratu, ndipo m'mawa uliwonse ankazungulira malo oimikapo magalimoto mpaka thukuta kamukamu. Tsikulo litakwana, mwana wawo Tusekele, namwino wokhala ku Beech Grove, anabwera kudzawatenga onse awiri.

Kuchipatalako anawayeza mtima, anawayendetsa m'khonde mphindi zisanu ndi imodzi, kenako anawauza kuti adzuke pampando kasanu osagwirira.

"Ndapasa," Bambo Lyson ananong'oneza mwana wawo, ali wefuwefu.

Chomaliza chinali kuonana ndi mayi woona za chisamaliro cha odwala. Mayiyo anafotokoza kuti opareshoni ikatha pamafunika munthu wokhala ndi wodwala kwa milungu ingapo, wompatsa mankhwala pa nthawi yake. Pa fomu, Tusekele anali atalembapo dzina la amayi ake. Ndiye mayiyo anatembenukira kwa Mayi Vainess n'kuwafunsa mankhwala amene amuna awo amamwa.

Mayi Vainess anamwetulira mwaulemu. Anayang'ana amuna awo, kenako Tusekele.

"Anesi," anatero kwa mwana wawo yemwe, "kodi basi ya ku Zomba inyamuka nthawi yanji?"

"Atopa ndi ulendo," Bambo Lyson anafulumira kuyankha. Koma Tusekele anali ataona kale.

Atatuluka, anawakokera bambo ake pambali.

"Adadi, zoiwalaiwala za amayizi zayamba liti?"

"Chaka chatha, cha m'ma Epulo. Masiku ena amakhala bwinobwino. Ukabwera kudzatichezera ndimangowayankhira."

Anaulula zonse. Akamapita ku makina ankawatenga akazi awowo, n'kuwakhazika pambali pawo maola anayi. Sitovu ankaizimitsira ku switchi yaikulu. Tsiku lina anawapeza panja m'chisanu, alibe nsapato.

"Nditenga tchuthi," anatero Tusekele akulira. "Musamukire kwanga, ndikusamalirani nonse."

"Ine ndikapanda kukhala patebulo, mayi akowa sadya. Ndikagonekedwa sabata imodzi adzandifunafuna mumsewu. Nanga ndikapanda kudzuka pa opareshonipo?"

"Koma mwavutikira zimenezi, adadi."

"Ndimati mwina impsoyo indipatsa mphamvu zowasamalira. Sindinadziwe kuti afunsa iwo."

Patatha milungu itatu kalata inafika. Madokotala anati thupi lawo linali lolimba mokwanira, ndipo adzawaika pa mndandanda wa odikira impso akangotchula wowasamalira wina. Tusekele ankaimbira bambo ake foni tsiku ndi tsiku kuti alembe dzina lake. Iwo ankangoti mawa.

Sanayankhe kalatayo. Anapitiriza kusefetsa magazi zaka zina ziwiri, akazi awo ali pambali. Mu Novembala 2008 mtima wa Bambo Lyson unaima ali pampando wa makinawo, ndipo anamwino anaimbira Tusekele.

Mayi Vainess anasamukira ku Beech Grove. Masiku oyamba ankakankha mbale, akuti adikira eni nyumba. Pa tsiku lachinayi Tusekele anakhala nawo pansi n'kuyamba kudya yekha mwakachetechete, ndipo patapita nthawi iwonso anatenga supuni.