Nambala Yachilendo

Namwino wamkulu analowa m'chipinda cha makompyuta osaodira n'komwe, maso ali psuu. Kwa masiku atatu ankadikira fakisi ya zotsatira za magazi a wodwala wa pa bedi lachinayi, pomwe a ku labotale ankalumbira kuti anatumiza kalekale.

"Makina a fakisiwa ndinawatchera kuti azilandira manambala odziwika okha, mayi," anatero katswiri wa makompyuta uku akupukuta magalasi ake. "Otsatsa malonda ankatimalizira mapepala. A ku labotalewo anasintha nambala osatiuza."

"Ndiye mwapulumutsa mapepala angati, bambo?"

Katswiriyo anayang'ana mulu wa mapepala umene unali pambali pa makinawo.

"Tenganipo limodzi," anatero namwinoyo mwaukali. "Mulembepo nokha zoti ndikamuuze mkazi wa wodwala uja amene akulira pakhondeyo. Bedi lachinayi taliyalula m'mawa uno."