Utuchi Wasiya Kuuwa

Linali tsiku lachitatu Utuchi akudya monyinyirika. Utuchi anali galu wamkazi wa a Kalipentala, ndipo dzinalo analitengera ubweya wake wofanana ndi utuchi wa matabwa. Kale munthu akangoyandikira shedi, galuyo ankauwa mpaka a tsidya la msewu kumva. Tsopano ankangogona pansi pa tebulo lopalirapo matabwa, ndipo m'mawa umenewo anasanza.

A Kalipentala anali munthu wosakhulupirira mnzake. Msomali umodzi ukasowa, ankatha tsiku lonse akuyang'ana anthu m'manja. Ndiye galu atasiya kuuwa, mtima wawo unathamangira kumodzi: wina akumudyetsa mankhwala omupusitsa kuti adzabe makina opalira ndi macheka.

Woti amukayikire sanamufune patali. Mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, anali atakhala pakhomopo miyezi iwiri ntchito yake ya udalaivala itatha. Dzulo lake a Kalipentala anamuona atanjuta kuseri kwa shedi, akupatsa galuyo kanthu kochokera m'thumba.

"Mayi, achimwene anuwa muwauze alongedze," anatero kwa akazi awo. "Dzuwa lisalowe akadali pano."

"Alakwanji?"

"Akumudyetsa chiyani galu wanga mobisa? Akuba amayamba ndi galu. Anzawo amabwera kudzawaonawa, maso amakhala ali pa makina anga."

"Bwanji osawafunsa eni ake?"

"Wakuba munamuonapo akuvomera?"

Atatero anatsegula kabati n'kutulutsa mapilitsi a mutu ndi ena a njoka za m'mimba amene anatsala iwo atadwala. Anasungunulanso mchere wambiri m'kapu, ati galuyo asanze poizoni yense. Akazi awo anawagwira dzanja.

"Mukamumwetsa zimenezi n'kufa, mudzanenabe kuti ndi achimwene. Tiitane adokotala a ziweto. Akanena kuti ndi poizoni, ine ndemwe ndiwaperekeza achimwene kukakwera basi."

Adokotala a ziweto, mayi wamfupi wosachedwa kuseka, anafika masana pa njinga yamoto. Apo n'kuti mlamu uja atamva zonse kudzera pa zenera, ndipo chikwama chake chinali kale pakhonde. Adokotala anamuyang'ana Utuchi m'kamwa ndi m'maso, anamuyeza kutentha kwa thupi, kenako anamugoneka chammbali. Nsonga za mabere ake zinali zitakula ndi kufiira. Anamusisita pamimba mosamala kwambiri.

"Mwezi wathawu agalu amphongo sankazungulira pano?" anafunsa.

"Ankachita kudzaza kumpanda," anayankha akazi a Kalipentala. "Bambowa ankati nawonso atumidwa ndi akuba."

Adokotala anaseka. "Galuyu sanadye poizoni, bambo. Ali ndi bere la masabata ngati anayi. Nthawi imeneyi agalu ena amakana chakudya, amasanza pang'ono, ndipo amakonda kugona."

A Kalipentala sanagonje msanga. "Nanga zimene amamupatsa alamuwa kuseri?"

Mlamuyo anapisa m'thumba n'kutulutsa dzira lowiritsa. "Ndi izi, alamu. Ndinaona kuti mbale yodzaza akuikana, koma kachidutswa kakang'ono akulandira. Ndi dzira limene achemwali amandiwiritsira m'mawa. Ndinkabisa poopa kuti munganene kuti munthu wosagwira ntchito akutaya chakudya."

A Kalipentala anachita manyazi kwambiri. Anasowa poyang'ana, n'kuyamba kufufuta utuchi ndi phazi.

"Alamu anuwa anachita bwino," anatero adokotala. "Akamakana kudya, muzimupatsa pang'onopang'ono, kangapo pa tsiku. Chakudya chikhale chopsa bwino, chokhala ndi kanyama, nsomba yochotsa minga kapena dzira, ndipo madzi oyera asamasowe. Musamunenepetse panopa. Mudzayambe kumuwonjezera chakudya masabata atatu omaliza, ana akamakula msanga. Bere la galu limatenga masabata asanu ndi anayi."

Kenako anaona mapilitsi aja ndi kapu ya mchere pa tebulo, ndipo kuseka kunatha.

"Izi zikanamupha, kapena kupha ana m'mimba. Mankhwala a anthu si a galu. Ngakhale a njoka za m'mimba, a nkhupakupa kapena katemera, musamupatse musanandifunse. Ndidzakusankhirani oyenera pa nthawi yake. Mumuchotsenso mushedi muno, muli vanishi, guluu ndi penti. Aziyenda tsiku lililonse, koma osamuthamangitsa, ndipo inu musamamufinye pamimba pofuna kuwerenga ana."

"Nanga tidzadziwa bwanji kuti zavuta?" anafunsa akazi a Kalipentala.

"Akamatuluka magazi kapena zonunkha kumaliseche, akamasanza mosalekeza, akakana madzi, kapena akatha tsiku lathunthu osalawa kanthu, mundiimbire nthawi yomweyo."

Adokotala anakwera njinga yawo yamoto n'kumapita. Kupepesa inali ntchito imene a Kalipentala sanaiphunzirepo. Anapita pakhonde, ananyamula chikwama chija ndi manja awo n'kukachibwezera kuchipinda.

"Alamu, ndinakuganizirani zoipa," anatero atatuluka. "Mundikhululukire. Kunja kuno ndikanapha galu wanga, n'kupitikitsanso munthu amene amamusamalira."

"Zatha, alamu," anayankha mlamuyo.

Patatha masabata asanu, Utuchi anaswa ana asanu onenepa m'bokosi lalikulu limene a Kalipentala ndi mlamu wawo anakhoma limodzi n'kuliika pakona pa khonde, kutali ndi fungo la vanishi. Makasitomala akabwera, a Kalipentala ankayamba awaonetsa tiagaluto asanakambe za mipando, ndipo aliyense woweta galu ankamuuza zofanana.

"Galu wamkazi akasintha, musathamangire kuloza munthu chala, ndipo musamumwetse mankhwala anu. Itanani adokotala a ziweto. Akakhala ndi bere, amafuna chakudya chabwino, madzi oyera, malo abata ndi munthu womuyang'anira. Kwathu kuno munthuyo ndi alamu angawa, amene ndinatsala pang'ono kuwathamangitsa."