Chingwe cha m'Kabati ya a Mateyo

Ine ndine Feston, dalaivala wa bungwe la alimi a nshawa pa Katete. Sukulu ndinalekera Giredi 9, koma za maseva ndimazidziwa kuposa komiti yonse, chifukwa ndinawanyamula ndine.

Mabwana ena akunja, pomaliza pulojekiti yawo, anatisiyira makompyuta awiri akuluakulu otchedwa maseva, ndi bokosi limodzi la madisiki. M'bokosimo ndi mokhala mayina a alimi onse, kuchokera ku Sinda mpaka ku Vubwi, ndi mbewu imene aliyense ayenera kulandira. Zingwe zolumikizira sanasiye. Mphatso zawo zimatero, amakupatsa ng'ombe, goli ukadzionere.

Woyang'anira makinawo anali Scholastica wa ku Sinda, wongobwera ndi dipuloma yake, akadali pa miyezi yoyesedwa. A Mateyo, wapampando wathu, anamuuza pamaso pa tonse kuti makina akadzaima tsiku logawa mbewu, nayenso adzabwerera kwa amake.

"A Chair," anatero Scholastica, "maseva awa ali ngati ng'ombe ziwiri pa ngolo imodzi. Ina ikagwa, inzake ikoka yokha, alimi osadziwa n'komwe. Koma iliyonse ifunika chingwe chake chofika kubokosi. Ziwiri."

A Mateyo anagwedeza mutu ngati amva. Amagwedeza chimodzimodzi abusa akamalalikira za kuba.

Ndinatumidwa ine kukagula zingwezo, nditapatsidwa chithunzi pafoni ndi kapepala kolembedwa SAS ndi manambala. Chingwecho n'chonenepa ngati chala, mutu wake wachitsulo ngati kabokosi ka machesi, kumbuyo kwake kuli kalilime kokokera.

Pamsika wa Katete anandionetsa tchaja ya foni, chingwe cha pulinta, mpaka cha ayironi. Wina anati ndimupatse mphindi khumi, alumikiza ndi tepu.

Ku Chipata sitolo iliyonse inali nacho. "Chinangotha dzulo, bwana, mubwere Lolemba." Chinthu choti sanachionepo chibadwire, koma chinatha dzulo.

Ku Lusaka ndinatha nsapato. Ukaonetsa chithunzi, wogulitsa amati dikirani, n'kuthamangira sitolo yoyandikana nayo, wa uko n'kuthamangira ina, mpaka onse n'kubwera kudzafunsa ine ngati ndadziwa kumene chikupezeka. Tsiku lachitatu wina anandilozera kwa Elvis, munthu wa m'kontena amene amaphwasula makina otayidwa ndi maofesi.

"Mudala, mwafika," anatero Elvis, natulutsa ziwiri. "Izi ndiye zenizeni."

Ndinaimbira Scholastica pa vidiyo.

"Yandikizani mutu, a Feston. Ayi! Icho n'cha m'kati mwa seva. Tifuna cha panja, chachitsulo."

"Sisita, n'chimodzimodzi," anakuwa Elvis, "mungokankha mwamphamvu."

"Mukakankhe kwanu."

Elvis anaseka, nalowa pansi pa mulu wa zitsulo ngati mbewa, n'kutuluka ndi zina ziwiri zili m'pulasitiki, zosatsegula. Manambala anagwirizana. M'basi ndinazikumbatira pachifuwa njira yonse, mayi wina mpaka anandifunsa ngati muli mankhwala.

Nditafika, a Mateyo anaitanitsa katunduyo kuofesi kwawo. Anang'amba pulasitiki imodzi, napatsa Scholastica chingwe. Chinacho anachiika m'kabati yachitsulo, momwe mumakhala makapu a alendo amene sanamweremo mlendo aliyense, n'kukhoma.

"A Chair, chinacho n'cha seva yachiwiri."

"N'cha sipeya."

"Seva yachiwiriyo ndiye sipeya, bambo. Popanda chingwe siliona bokosi."

A Mateyo anatembenukira kwa ine. "A Feston, tayala la sipeya mumayenda nalo pamsewu?"

"Ayi, a Chair, limakhala kumbuyo."

"Wamva, mwana wanga? Ngakhale wa Giredi 9 akudziwa. Chinthu chovuta kupeza chotero, tithe zonse ziwiri nthawi imodzi?"

Scholastica anandiyang'ana ngati ndamuponda chala. Nanga ndikananena kuti tayala limayenda lili m'buti?

Choncho seva yachiwiri inkangoyaka magetsi obiriwira, kudya malaiti, osagwira kanthu, ngati wachiwiri kwa wapampando.

Tsiku logawa mbewu, m'mawa alimi anali atadzaza bwalo, ena pa njinga, ena pa ngolo, a ku Vubwi atabwera pa lole. Anthu makumi awiri atalandira, sikirini inauma. Scholastica anathamangira kuchipinda cha makina, ine pambuyo. Chipindacho chimagundana ndi nyumba yosungira nshawa. Khoswe anali atatafuna chingwe changa cha ku Lusaka pakati penipeni, n'kusiya timawaya tili mbee.

"Zikanakhala ziwiri, palibe akanadziwa," anatero Scholastica. "Kiyi wa kabati ali kuti?"

Kiyi anali pa lamba wa a Mateyo, ndipo a Mateyo anali kumaliro ku Vubwi, kumene foni imagwira Malawi ikafuna, Mozambiki ikafuna, Zambia ayi.

Panja phokoso linayamba. "Tanyamuka tambala asanalire!" anakuwa mayi wina. "Kale pa buku tinkalandira bwinobwino!"

Scholastica anatambasula dzanja. "A Feston, chitsulo chanu chochotsera matayala."

"Mayi, ine ndili ndi ana."

"Ndibwerekeni. Mutembenukire kukhoma ngati mukuopa."

Ndinatembenukiradi. Ndinangomva kabati ikulira, ndi kapu imodzi ikusweka. Posakhalitsa seva yaulesi ija inaliona bokosi, mayina anabwerera, ndipo dzuwa lisanapendeke aliyense anali ndi thumba lake.

Lachisanu komiti inakhala. Mfundo yoyamba: kuthokoza a Chair chifukwa cha kuona patali, poti akanapanda kusunga sipeya, bungwe likanachita manyazi. Anawomba m'manja. Mfundo yachiwiri: khalidwe la Scholastica, wothyola katundu wa bungwe ndi kuswa kapu ya alendo.

"Uli ndi chonena?" anafunsa a Mateyo.

Ndinaona mtsikanayo akutsegula pakamwa kuti ayambenso za ng'ombe ziwiri. Ndinatsokomola. Anatseka pakamwa, kenaka anagwira m'manja mwaulemu.

"Ndinalakwa, a Chair. Mwandiphunzitsa kufunika kwa sipeya. Ndipempha tigule zingwe zina, kuti kabati isadzakhalenso yopanda kanthu."

"Zingati?"

"Zitatu. Koma mabuku amati sipeya ikakhala nthawi yaitali osadutsa magetsi imauma m'kati. Ndiye imodzi ndizikayitenthetsa kuseva, ziwiri zikhale kwa inu."

A Mateyo anayang'ana komiti monyadira. "Mwaona? Mwana akalangizidwa amamva. Ziwiri m'kabati!"

Anamulemba ntchito yokhazikika tsiku lomwelo, ndi chenjezo la pakamwa pa nkhani ya kapu.

Potuluka ndinamunong'oneza: "Buku liti limenelo, mayi?"

"Konzekani, a Feston," anatero osanditembenukira. "Basi ya ku Lusaka imanyamuka m'mawa."